DAVID LIVINGSTONE: MASIKU A MUNTHU WA PA ULENDO

Pa nyengo ya cikondwerero monga ino, pamene tiwerenga zaka za malo athu ndi kukumbukira amene anatitsogolera, nkoyenera kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono, kufikira kwa munthu uja amene anapita m'dziko lino la nyanja mishoni isanamangidwe ndi imodzi yomwe. Dzina la David Livingstone tilidziwa tonse. Ana a sukulu alichula pamodzi ndi nyanja ndi mitsinje, ndipo mizinda iwiri, Blantyre ku Malawi ndi Livingstone ku Zambia, itikumbutsa za iye. Koma ambiri adziwa malo amene anafikako, osadziwa umo anafikira. Tsono m'masamba awa tifuna kulongosola moyo wace monga unali tsiku ndi tsiku: cimene anadya, pamene anagona, anthu amene anamsenzera katundu, ndi zimene anazilingalira mumtima pokhala yekha madzulo. Izi tizidziwa cifukwa iye analemba m'mabuku ace pafupifupi masiku onse, ngakhale podwala.

UBWANA WACE

Anabadwa pa 19 March 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Atate wace anali Neil Livingstone, wogulitsa tiyi, ndi amace Agnes Hunter. Anali anthu osauka, ndipo banja lonse linakhala m'cipinda cimodzi. Atafika zaka 10 analowa nchito m'fakitale ya thonje, kulumikiza ulusi woduka pa makina. Nchito inkayamba 6 koloko m'mawa ndi kutha 8 koloko usiku. Ataweruka ankapita ku sukulu ya usiku maora awiri, nawerenganso kunyumba kufikira amace atamlanda buku m'manja. Pa malipiro ace oyamba anagulako buku lophunzirira Cilatini. Atakula nakhala wopota ulusi, ankaika buku pa makina, nawerenga mau owerengeka nthawi iri yonse podutsa pamenepo. Iye mwini anaona pambuyo pace kuti cizolowezi cimeneci ndico cinamkhozetsa kuwerenga ndi kulemba m'midzi ya Africa, ng'oma ziri kulira ndi ana ali kusewera pambali pace.

Mu 1836 anayamba maphunziro a udotolo ku Glasgow, nadzilipirira ndi ndalama zimene anazisunga pa nchito ya thonje. Anadzipereka kwa London Missionary Society, ndipo mtima wace unali wofuna kupita ku China. Koma nkhondo ya pakati pa Britain ndi China inatseka njira. Pamenepo anakomana ndi Robert Moffat, amene anakhala zaka zambiri ku Kuruman, kumwera kwa Africa, ndipo mau a mkuruyo anatembenuza maganizo ace. Anakwera ngalawa mu December 1840, nafika ku Kuruman mu July 1841, ali ndi zaka 28.

PAKATI PA ATSWANA

Asanayambe maulendo ace ochuka, anayamba waphunzira kukhala monga akhalira eni dziko. Anadzipatula kwa Azungu anzace ngati miyezi isanu ndi umodzi, nakhala pakati pa Abakwena kuti amve cinenero cao ndi kudziwa miyambo yao. Mu 1844 ku Mabotsa mkango unamgwira pa phewa, nuphwanya pfupa la mkono wamanzere. Akadafa pomwepo, koma mphunzitsi Mebalwe anauloza ndi mfuti, ndipo cirombo cinasiya Livingstone ndi kumluma iye pa nchafu. Mkono umenewo sunalunzika bwino masiku onse a moyo wace.

Mu January 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffat. Anamanga nyumba zitatu ndi manja ace, ku Mabotsa, ku Chonuane ndi ku Kolobeng, ndipo Mary ankaphika mkate, kupanga sopo ndi makandulo, ndi kuphunzitsa ana ang'ono. Mfumu Sechele anabatizidwa mu 1848. Koma cilala cinakula zaka zotsatana, mtsinje wa Kolobeng unaphwa, ndipo anthu sanatsata mfumu yao m'cikhulupiriro. Livingstone anayamba kuyang'ana kumpoto. Mu 1849 anadutsa cipululu ca Kalahari pamodzi ndi William Cotton Oswell, nafika ku nyanja ya Ngami. Mu 1851 anafika ku Zambezi, m'dziko la Amakololo.

Pano tiyenera kunena cinthu cimene sicikometsa mbiri yace. Kawiri konse anatenga mkazi ndi ana ang'ono pa ngolo ya ng'ombe kulowa nao m'cipululu, Mary ali ndi pakati. Anawo anasauka ndi ludzu ndi udzudzu. Khanda lao Elizabeth linamwalira mu 1850 litakhala masabata owerengeka. Ndipo apongozi ace anamlembera kalata yomdzudzula kolimba. Mu April 1852 anakweza banja lace ngalawa ku Cape Town kuti lipite ku Britain, kumene Mary anakhala zaka zinai ndi theka m'umphawi, pakati pa anthu amene sanawadziwa. Patapita zaka zambiri, ali yekha m'nkhalango, Livingstone analemba kuti cimene cinampweteka pokumbukira Kolobeng ndico cakuti sanapatula nthawi yosewera ndi ana ace, pakuti madzulo ankakhala atalema, ndipo anawo anakula iye palibe.

ULENDO WAUKURU, 1853 KUFIKIRA 1856

Cimene anafuna ndico kupeza njira yocokera pakati pa Africa kufikira ku nyanja ya mcere, kuti malonda abwino alowe ndi kupitikitsa malonda a anthu. Koma cuma coyendera analibe. Amene anacititsa ulendowo ndiye Sekeletu, mfumu yacinyamata ya Amakololo ku Linyanti, amene anampatsa amuna 27, ng'ombe, mabwato ndi minyanga ya njobvu, pofuna kuti anthu ace apeze msika. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo tikanena za ulendo wa Livingstone tizikumbukira kuti unali ulendo wa Amakololo omwe.

Ananyamuka mu November 1853. Katundu wace anali wocepa: kahema kakang'ono, cikopa ca nkhosa cofunda, masikono owerengeka, tiyi ndi shuga pang'ono, khofi, ndi mikanda yogulira cakudya. Anali ndi tizitini ta citsulo: kena ka zobvala zosungira ku gombe, kena ka mankhwala, kena ka mabuku, ndiwo Buku Lopatulika ndi mabuku awiri owerengera nyenyezi. Anatenganso zipangizo zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, ndi nyali yoonetsa zithunzi pa nsaru.

Pa mtsinje tsiku linkayenda motere. Ankadzuka mbandakuca, namwa khofi, napakira katundu m'mabwato. Ankapalasa kufikira dzuwa litakwera, natsikira kumtunda kudya nyama yotsala dzulo, kapena sikono ndi uci, napumula ora limodzi. Dzuwa litapendeka ankafuna malo ogona. Ena ankamweta udzu woyala pogona iye, kapitao wace Mashauana ankazika mitengo ya hema, nayala mphasa yace pa khomo penipeni. Otsalawo ankamanga misasa mozungulira moto, mtundu uli wonse pa wokha, ndi ng'ombe pakati. Anthu atagona, iye ankatuluka kukayeza nyenyezi, mitambo ikalola, kuti adziwe pamene ali; nalemba zonse za tsikulo, maina a midzi, mitengo, mbalame, nsomba, nthenda za anthu ndi mankhwala ao.

Atasiya mabwato analowa m'dziko la Alunda, mvula iri pakati. Madambo anasefukira, ndipo masiku ambiri anayenda m'madzi. Hema anabvunda nayamba kudontha, zobvala zinacita nkhungu, mfuti zinacita dzimbiri. Malo ouma okha osungira wochi yace anali m'khwapa. Cakudya cinali cinangwa cosakolera, cimene munthu adya nakhalabe ndi njala. Ankakwera ng'ombe dzina lace Sinbad, ya msana wofewa koma ya mtima woipa, imene inkathamangira dala pansi pa zilambe kuti imgwetse. Malungo anamgwira kambirimbiri, kotero kuti nthawi zina poyang'ana kumwamba ankacita cizungulire osakhoza kuwerenga nyenyezi. Koma panalinso zoseketsa. Kwa mfumu Shinte anaonetsa ndi nyali ija cithunzi ca Abrahamu atasamula mpeni pa Isake; posuntha cithunzico, akazi a mfumu anayesa kuti mpeni ulinkudza kwa iwo, nathawa onse ali kupfuula.

Akuyandikira kumene kunkapita ogula akapolo, anapeza kuti mitima ya anthu yasandulika. Kumbuyo konse mlendo ankalandiridwa ndi ufa ndi nkhuku. Kuno mafumu ankafuna msonkho wa njira, ndiwo munthu, ng'ombe, mfuti kapena mnyanga. Anapereka ng'ombe, mikanda, malezala, ndi malaya ace omwe, koma munthu anakana kupereka. Tsiku lina anthu ace anatopa nafuna kubwerera kwao. Iye anawauza kuti akabwerera adzapitirira yekha, nalowa m'hema kukapemphera ndi mtima wolemera. Posacedwa anamtsata mmodzimmodzi, namtsimikizira kuti analankhula cifukwa ca kuwawa mtima cabe, ndipo sadzamsiya.

Anafika ku Luanda pa 31 May 1854, ataonda ndi kamwazi, watsala mafupa okhaokha. Mngerezi Edmund Gabriel anamgoneka pa kama wace, ndipo atagona pansi miyezi isanu ndi umodzi anaumva kukoma kamayo kosaiwalika. Amakololo anaona nyanja yopanda tsidya, nagwira nchito yotsitsa malasha m'ngalawa ndi kugulitsa nkhuni. Akuru a ngalawa za Angerezi anamuitana kuti apite nao kwao akacire. Koma iye anakana, pakuti analonjeza Sekeletu kuti adzabweza anthu ace, ndipo anadziwa kuti paokha sadzakhoza kupyola mafumu aja. Ngalawa imene akadakwera, dzina lace Forerunner, inamira pafupi ndi Madeira pamodzi ndi makalata ndi mapu ace, ndipo iye anakhala pansi ku Pungo Andongo nalembanso zonse. Ulendo wobwerera unatha caka cathunthu. Anafika ku Linyanti mu September 1855. Ndipo ena a anthu ace anapeza akazi ao atakwatiwa ndi amuna ena, poyesa kuti anafa kale.

Mu November 1855 ananyamukanso kulinga kum'mawa, Sekeletu atampatsa amuna oposa 100. Anamuonetsa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene iye anawacha Victoria Falls, ndipo pa cisumbu ca pamwamba pace anabzala nthanga za zipatso ndi khofi. Mu January 1856, pamene Luangwa athira m'Zambezi, anthu a mfumu Mburuma anasonkhana ndi zida, ndipo madzulo mtima wace unabvutika, poopa kuti akafa pamenepo zonse anaziona zidzatayika. Anaganiza zooloka usiku mobisa. Koma atawerenga mau otsiriza a Uthenga wa Mateyu anakhazikika, naona kuti kuthawa usiku sikumuyenera. Anatuluka nayeza nyenyezi monga mwa masiku onse. M'mawa anaoloketsa anthu ndi katundu, iye natsala pambuyo ali kuonetsa eni mudzi wochi ndi galasi lotentha ndi dzuwa, naoloka potsiriza mwamtendere. Anafika ku Quelimane pa 20 May 1856. Koma pofupikitsa njira kumtunda kwa Tete sanaona mathithi a Kebrabasa, ndipo kulambalala kumeneko kunadzabala tsoka m'tsogolo.

ZAMBEZI NDI SHIRE, 1858 KUFIKIRA 1864

Ku Britain anamlandira ndi ulemu waukuru. Buku lace la maulendo linatuluka mu 1857 niligulidwa kwambiri, ndipo mau amene analankhula ku Cambridge caka comweco anabala mishoni ya Universities' Mission to Central Africa. Anasiyana ndi London Missionary Society, nabwerera mu 1858 monga nduna ya boma, ali ndi sitima ndi Azungu omthandiza, mwa iwo mng'ono wace Charles ndi dotolo John Kirk.

Ulendo uwu sunakoma monga woyamba uja. Sitima ya Ma Robert inkadya nkhuni kotero kuti nthawi yambiri inkathera pa kutema mitengo, ndipo inkadontha ndi kutitimira pa mcenga. Mathithi a Kebrabasa anatseka Zambezi. Ndiponso munthu amene anali woleza mtima ndi Amakololo anakhala wouma mtima ndi wokaikira kwa Azungu anzace. Anacotsa nchito Thomas Baines pomnenera kuba kumene sikunatsimikizika. Zambezi atakanika, anatembenukira ku Shire mu 1859. Anafika kwa Chibisa, nakwera ku mapiri, naona nyanja ya Chilwa mu April, ndipo mu September anafika ku nyanja yaikuru, imene makolo athu anaidziwa ndi kuioloka kuyambira kale. Analemba mokondwa za Amang'anja, za minda yao ya thonje, nsaru zao zoomba okha, ndi ng'anjo zao zosungunulira citsulo. Koma anaonanso magoli atatayidwa m'mbali mwa njira.

Mu 1861 anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ku mapiri a Shire. Pa mudzi wa Mbame anamasula akapolo 84, ndipo mishoni inakhazikika ku Magomero. Koma inalowa m'nkhondo za Ayao ndi Amang'anja, ndipo Bishopu anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, mankhwala ace atamira m'madzi. Mary, amene anabwera kudzakhala ndi mwamuna wace, anadwala ku Shupanga namwalira pa 27 April 1862, naikidwa patsinde pa mlambe waukuru. Anthu amene sanamuonepo Livingstone ali kulira anamuona tsiku limenelo. Ndipo m'buku mwace anabvomera kuti kanali koyamba m'moyo wace kumva kuti akadalola kufa. Caka cotsatira cilala ndi nkhondo zinapululutsa cigwa ca Shire, mitembo niyandama pa mtsinje, kotero kuti m'mawa amalinyero ankayamba aicotsa pa mapiko a sitima. Boma linamuitana kuti abwerere. Posafuna kuti sitima yace ya Lady Nyassa igwe m'manja mwa ogula akapolo, anaiyendetsa yekha mu 1864 kuoloka nyanja ya mcere kufikira ku Bombay, masiku 45.

ULENDO WOTSIRIZA

Mu 1866 analowanso ku mtsinje wa Rovuma, kukafuna magwero a mtsinje wa Nile; pakuti anayesa kuti akawapeza, mau ace otsutsa ukapolo adzamveka kwa akuru a maiko. Anali ndi asilikari a ku India, amuna a ku cisumbu ca Johanna, anyamata omasulidwa ku ukapolo, ndi anthu a ku Zambezi. Mwa iwo munali Susi wa ku Shupanga, ndi Chuma, mnyamata Myao amene anamasulidwa mu 1861. Anatenganso ngamila, njati zoweta, nyuru ndi aburu, kuti aone ngati zidzapirira kashembe. Koma zinafa pa njira. M'dziko la Ayao anapeza anthu atafa omangidwa ku mitengo, osiyidwa ndi ogula akapolo cifukwa analephera kuyenda. Anapumula kwa Mataka, nafika ku nyanja mu August, nazungulira kumwera kwa Mponda. Asilikari aja anali atawabweza kale. Ndipo amuna a ku Johanna anathawa, nakanena ku Zanzibar kuti Livingstone waphedwa ndi Angoni, bodza limene E. D. Young anadzaliulula mu 1867.

Anapyola m'midzi ya Acewa, naoloka Luangwa mu December, ali ndi anthu owerengeka. Pamenepo njala inayamba. Mbuzi zinai zimene zinkampatsa mkaka zinatayika. Ankadya phala la mawere ndi bowa, nafupikitsa lamba wace, ndipo usiku ankalota zakudya zabwino za masiku akale. Kagaru kace Chitane, kamene kankathamanga kutsogolo ndi kumbuyo kwa ulendo kupitikitsa agaru a m'midzi, kanamira pooloka dambo lalikuru, ndipo iye anakalira m'buku mwace. Pa 20 January 1867 amtengatenga awiri anathawa ndi katundu, ndipo m'katundumo munali bokosi la mankhwala, ndi kwinini yense. Anamva ngati waweruzidwa kuti afe, monga anafera Bishopu Mackenzie. Koma polemba za othawawo sanawatemberera. Anakumbukira kuti anakulira mu ukapolo, kumene munthu saphunzira kukhulupirika, ndi kuti njala inawapweteka iwo monga inampweteka iye.

Kuyambira pamenepo sanakhalenso wamoyo bwino. Anafika ku Tanganyika mu April 1867, ku Mweru mu November, ndi ku Bangweulu mu July 1868. Ndipo apa pali cinthu cowawa: munthu amene anadana ndi malonda a akapolo anakhala wodalira Aluya ndi Aswahili ocita malondawo. Iwo anamdyetsa, namsamala podwala, namnyamula pa macila, iye ali kuona ndi maso ace anthu a m'magoli ao. Analemba kuti nthenda yodabwitsa koposa imene anaiona m'dzikomo inali kusweka mtima: anthu aufulu ogwidwa mwadzidzidzi ankapirira kufikira ataoloka mtsinje wa kwao, ndipo pamenepo ankaloza pa cifuwa, nafa wopanda bala. Atafika ku Ujiji mu March 1869 anapeza katundu amene anamtumizira atabedwa pafupifupi yense.

KU MANYEMA

Anaoloka Tanganyika kulowa m'nkhalango za Manyema, kulinga ku mtsinje wa Lualaba. Panafika nthawi imene anatsala ndi anthu atatu okha, Susi, Chuma ndi Gardner. Mu 1870 zilonda zinamdya mapazi, ndipo anabindikira m'kanyumba ku Bambarre masiku 80. Mano anagwedezeka ndi cimanga couma. Makalata a kwao sanafika. M'dziko limenelo anawerenga Buku Lopatulika lonse kanai, nalemba zambiri za ana ace, za mkazi wace, za anthu amene anamlakwira, ndi za mantha ace akuti mtsinje umene ali kuutsata ungakhale Congo, wosati Nile. Mantha amenewo anali oona, monga Stanley anadzaonetsa mu 1877.

Mapepala ndi inki zitatha, anang'amba nyuzipepala yakale ya ku London, nalemba mopingasa pamwamba pa mau osindikizidwa, ndi inki yofinya ku njere za mtengo. Pa mapepala otere analemba zimene anaona ku Nyangwe pa 15 July 1871, pamene anthu a ogula akapolo anaomba mfuti pakati pa msika wodzaza, nafa anthu mazana, ambiri a iwo akazi, ena ndi zipolopolo, ena pomira m'mtsinje pothawa. Inki ija inafufuma ndi zaka, kufikira mu 2011 pamene akatswiri anakhoza kuiwerenganso ndi kuunika kwa makina. Pamenepo panaoneka kuti mumtima mwace anaopa kuti ena a anthu ace omwe angakhale anali m'ciwembuco, cinthu cimene sicinamveka m'buku losindikizidwa mu 1874.

Anabwerera ku Ujiji ali wolefuka, napezanso katundu wace atagulitsidwa. Kumapeto kwa 1871 anafika Henry Morton Stanley, wotumidwa ndi nyuzipepala ya New York Herald, ali ndi cakudya, mankhwala ndi makalata. Livingstone anayambanso kudya kanai pa tsiku ndi kuseka. Anakhala pamodzi miyezi inai. Koma pomdandaulira kuti abwerere kwao, anakana, pakuti nchito inali isanathe. Analekana ku Unyanyembe pa 14 March 1872, ndipo sanaonanenso ndi Mzungu wina.

IMFA YACE, NDI AMENE ANAMSENZA

Mu August 1872, atalandira amtengatenga atsopano, analinga kumwera, nalowa m'zithaphwi za Bangweulu nthawi ya dzinja. Mvula inagwa usana ndi usiku. Anthu ankayenda m'madzi ofika m'cifuwa, ndipo Susi ndi anzace ankamsenza pa mapewa molandizana, madzi nafika pa cibwano ca womsenzayo. Usiku wina linthumbu linamtulutsa m'hema. Anali kutaya mwazi masiku onse. Koma analembabe za nsomba, za mbalame, ndi za kulira kwa nkhwazi. Polephera kukwera buru anampangira macila. Mau ace otsiriza m'buku anawalemba pa 27 April 1873, ndipo anali onena za kufooka kwace ndi za kutuma anthu kukagula mbuzi za mkaka. Anafika naye ku mudzi wa Chitambo ku Ilala, nammangira kanyumba. Mbandakuca wa pa 1 May 1873 mnyamata Majwara anaitana akuru, ndipo anampeza atagwada pambali pa kama, mutu uli m'manja, atamwalira. Anali ndi zaka 60.

Zimene zinatsata ziposa zonse tazinena. Anthu aja anali kutari ndi kwao, wowalamulira panalibe, ndipo tidziwa tonse kuopsa kwace kwa kupita ndi maliro m'midzi ya eni. Akadamuika pomwepo ndi kugawana katundu, palibe akadawatsutsa. Koma anasankha Susi ndi Chuma akhale atsogoleri, nawerenga katundu yense, Jacob Wainwright nalemba. Mtima ndi zam'kati anazikwirira patsinde pa mtengo wa muula, Wainwright nawerenga mau a maliro ndi kuzokota dzina pa mtengowo. Mfumu Chitambo atamva sanawalanga, koma anadza ndi anthu ace kudzalira. Thupi analithira mcere, naliyanika pa dzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa, nalimanga ku mtengo wonyamulira. Anayenda nalo miyezi isanu ndi inai, mamailo oposa 1,000, m'matenda ndi m'nkhondo, ndipo ena anafera pa njira. Panali akazi omwe, monga Halima, amene ankamphikira. Ku Unyanyembe Mngerezi Cameron anawauza kuti amuike pomwepo, koma anakana. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874, pamodzi ndi mabuku ace onse. Ku London madotolo anamzindikira ndi pfupa lija la mkango, ndipo anaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 April 1874.

ZIMENE ZINATSALA

Magwero a Nile sanawapeza. Zambezi sanakhala njira ya sitima. Ndipo obatizidwa ndi dzanja lace sitikhoza kuchula wina woposa Sechele. Koma mbiri ya ku Nyangwe inagwedeza anthu a ku Britain, ndipo mu June 1873, patangopita sabata zowerengeka iye atamwalira, Sultan Barghash anabvomera kutseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar, John Kirk ali pakati pa nkhaniyo. Mu 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu ndi amishoni a Livingstonia, mwa iwo Robert Laws; mu 1876 inayamba mishoni ya Blantyre. Pambuyo pa amishoni panadza amalonda, ndi pambuyo pa amalonda boma la atsamunda, ndi zabwino ndi zowawa zace, zimene iye sanaziona.

Susi ndi Chuma anapita ku Britain mu 1874, nathandiza Horace Waller kulongosola masiku otsiriza a mbuye wao. Popanda iwo sitikadadziwa umo anafera. Chuma anadzakhala kapitao wochuka wa maulendo, namwalira ku Zanzibar mu 1882. Susi anabatizidwa pambuyo pace, natenga dzina la David. Ambiri a anzao analandira malipiro ao ku gombe nabalalika, ndipo maina ao sanazokotedwa pa mwala uli wonse. Cifukwa cace, abale, pochula Livingstone m'masiku ano a cikondwerero, tichulenso Mebalwe, Sekeletu, Mashauana, Susi, Chuma, Halima, Majwara ndi Wainwright, ndipo tiwaphunzitse ana athu maina amenewa.